Chimbudzi ndakumba, apongozi akukana kulowamo

Aphungu,

Ine pensulo siinandizolowere, akundilembera ndi a Gerishon a kumpingo kwathu. Mukaona mawu akhota, wakhotetsa ndine.

Kuno ku Dambe kwabwera wazaumoyo, a Laimoni. Munthu uja, Aphungu! Nkhumba yanga anaigwira yekha, malaya oyera ali m'thupi, n'kuikanula kukamwa ndi kamtengo. Pansi pa lilime panali timatuza toyera ngati mpunga, tija timati masese. Akuti, "Achimwene, mukadya nyama iyi yosapsa, m'mimba mumera njoka yaitali. Mukapita kuthengo nkhumba ikutsatani, nayonso itenga. Muzingopatsirana choncho." Kukalipa ayi. M'mawa mwake anabwera ndi khasu lake, tinayamba limodzi kukumba chimbudzi. Kodi wa boma atagwira khasu munamuonapo?

Tsono vuto nali. Ine pano ndine mkamwini. Apongozi anga aakazi anauza mkazi wanga Yunike kuti, "Ine ndikalowe mmene walowa mkamwini? Tikakumana pakhomopo ndiyang'ana kuti?" Basi akupitabe kuthengo, nkhumba zili pambuyo. Sindikuwanena, ayi, ndi munthu wabwino, munda anandipatsa ndi iwowo. Koma mwana wanga wayamba kudya nyama, ndiye mtima uli m'mwamba. Nanga ndiwauza bwanji, poti ngakhale panjira timapatukirana?

L. K., Dambe, Neno

A L. K.,

A Laimoni ndi munthu, ndipo inu mwachita bwino kuwamvera. Apongozi anunso sakulakwa, umenewo ndi ulemu akukupatsani. Musalimbane ndi manyazi awo.

Kumbani chimbudzi china kuseri kwa nyumba yawo, mutchinge ndi mpanda wa udzu, khomo liyang'ane kumene inu simudutsa. Wokawauza asakhale inu. A Yunike akanene kuti, "Amayi, ichi n'chanuchanu."

Nkhumba muzimangire khola sabata ino. Nyama muziidula ing'onoing'ono, iziwira mpaka kufiira kuthe. Ya masese kwirirani mozama, musakagulitse kwa anzanu. Wina akaona tizidutswa toyera pochita chimbudzi, apite kuchipatala.

Koma chenjerani. Chatsopanocho chikatha, ngakhale m'mimba mutakupotani bwanji, musadzalowemo. Apongozi akadzangoona phazi lanu pakhomopo abwerera kuthengo, ndipo kumeneko simudzawachotsakonso.