Galimoto yoyera ija si yanga

Kalingalinga, Lusaka

Mlongo wanga Amake Josiah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga atate adzuka bwanji ndi chifuwa chija? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Lemmy wa mabasi a ku Katete anandipeza dzulo kuntchito, nandiuza kuti atate ayamba kutsokomola magazi koma akukana kupita kuchipatala. Ati sangakwere njinga yamoto ngati thumba la chimanga mwana wawo ali ndi galimoto ku Lusaka, adikira ndidzawatenge ndine.

Mlongo, galimoto yoyera ya pa chithunzi chija si yanga. Ndilibe ngakhale tayala lake.

Paja ndimagwira kwa ba Katongo, ogulitsa magalimoto akale. Ntchito yanga ndi kujambula zithunzi zoika pa intaneti kuti ogula aone, ndipo si kungodina foni ayi. Galimoto uyambe waitsuka, matayala omwe uwapake polishi. Ujambule m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa la masana limathobwa pa magalasi. Unjute mpaka maso alingane ndi nyale, uli chapakona, kuti kutsogolo ndi m'mbali zionekere limodzi. Pamalo athu ogulitsira ba Katongo amaletsa kujambulirapo, pali fumbi ndi ziphakasa za magalimoto akufa. Timapita nayo kumayadi ku Kabulonga, n'kuiimika pa geti lokongola la munthu amene sitimudziwa n'komwe. Ba Katongo amati chithunzi chabwino n'chimene wochiona amayesa galimotoyo yafika kale pakhomo pake. Nanga si ndi zomwe zawachitikira atatezi?

Tsiku limenelo ndinaiwala lamulo limodzi, loti wojambula asaonekere pa chitseko chonyezimira. Ine ndinaonekera, makiyi ali lendelende kuchala. Ba Katongo anachikana chithunzicho, ndiye ndinati kuchitaya n'kuwononga, bola akwathu aoneko ntchito ya manja anga. Ndinangotumiza pa foni ya alamu osalembapo mawu. Tsopano Lemmy akuti atate achionetsa kwa a mpingo onse, ndi geti lomwe ati ndi la nyumba yanga. Ha, ine wogona m'kachipinda kodontha!

Ndinayesa kupempha ba Katongo andibwereke galimoto ina iliyonse yodzatengera atate. Anaseka, ati galimoto yogulitsa siyenda ulendo wa ku Katete, komanso ine laisensi ndilibe, amayendetsa ndi iwo, ine n'kumangosunga makiyi. Yoyera ija inagulidwa kale, ili ku Kitwe.

Zowauza atate zoona pa foni zandikanika. Atate makutu anavuta, akangomva mawu anga amafunsa tsiku lobwera, kenaka n'kuitana anthu amve kuti akulankhula ndi mwini galimoto. Choncho pempho langa ndi limodzi. Inu amakumverani. Mukangowerenga kalata ino khalani nawo pansi muwauze, ndipo anyamuke tsiku lomwelo, kaya pa njinga, kaya pa ngolo. Ine ndikwera basi Loweruka, ndikawapeze ali kale m'manja mwa madokotala. Ngati akuopa manyazi kwa a mpingo, manyaziwo ndi anga, ndidzaima ndekha kutchalitchi n'kufotokoza. Ndili ndi mantha, mlongo. Magazi si chimfine.

Mu envulopu muno ndaikamo chithunzi china. Ichi ndajambula masana dzuwa lili paliwombo, pakhomo penipeni pamene ndimagona, ndi njinga yanga yakuphwa tayala itatsamira chipupa. Ba Katongo atachiona angandichotse ntchito, koma ndi chokhacho choona. Atate akakana mawu anu, muwaonetse chimenecho.

Moni kwa alamu, azakhali, amalume a ku Chadiza ndi mphwanga Josiah. Atate muwauze kuti mwana wawo akubwera wapansi, asamudikire pakhomo.

Ndine mlongo wanu,
Cephas