Chitenje cha Amayi Chauluka

Achemwali anga a Yamiko,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno ku Ilford tilipo, kungoti kuzizira.

Mwandikumbutsa kawiri za chitenje cha malemu amayi, chobiriwira cha maluwa chija munandipatsa pogawa zovala, kuti ndibwere nacho tidzaphimbire chiliza patsiku lochionetsa. Ndakhala ndikukuzembani. Achemwali, chitenjecho kulibe.

Mwana wanga Sean ku yunivesite amaphunzira za zouluka. Aphunzitsi anawauza kuti apange parachuti ngati ya makedzana. Akuti kale kuno ku London anthu ankakwera m'dengu lomangirira ku chibaluni, ena n'kudumpha ndi chinsalu chonga ambulera, wina mpaka anafera pomwepo. Azungu akufa amawadziwa ngati abale ake, koma tamufunsani dzina la agogo ake!

Anandiimbira ndili pa shifiti, kufunsa ngati angatenge nsalu zakale. Ndinangoti tenga, ndimayesa akunena makatani. Iye anakatsegula sutikesi imene ndinasungamo chitenjecho. Anachidula zidutswazidutswa, n'kuzisoka pa makina anga omwe.

Anandiitana kukaonerera ku paki. Anakweza chibaluni pachingwe, pansi pake parachuti ndi kathumba ka mchenga. Parachutiyo itamasuka n'kutambasuka m'mwamba m'pamene ndinazindikira maluwa aja. Mayo ine! Mphepo inaitenga kudutsa njanji, osaonekanso. Anzake ali m'manja phwaphwaphwa, ine kukamwa yasa.

Nditamukalipira anandiyankha m'Chingerezi kuti pepani, tikagula china ku Peckham, zilipo zambiri. Ndinafuna kumupatsa khofi, koma ndimumenyerenji? Ndinamuuzapo liti kuti chovala cha malemu sitidula? Ndinkati nkhani za maliro zimuopsa. Ndalera mlendo m'nyumba, ndipo wolakwa ndine.

Chikundiwawa n'chakuti zaka zonse zija ndinkawalonjeza amayi kuti adzakwera ndege kudzaona kuno. Chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka tinawaika m'manda. Lero chitenje chawo ndiye chaona London.

Chonde musagule china kuti mundibisire manyazi. Amalume ndidzawauza ndekha. Pansi pa makina ndatolapo kachidutswa kotsala, kukula ngati chikhatho, ndipo ndibwera nako. Chiliza sikaphimba, mwina dzina lokha.

Mundiperekere moni kwa onse kumeneko. Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ndine mng'ono wanu,
Etta