Magalasi a Bambo pa Mbande za Nkhaka

Kumpoto kuno, pa 9 Malichi 1931

Achimwene Ottmar,

Ine Adelheid Rombach, mlongo wanu, amene ndinatha zaka zisanu ku yunivesite ndikudya mbatata zopanda chotendera, ndikupereka dandaulo langa mwa dongosolo. Phukusi lafika Lachiwiri. Amayi alemba kuti anaikamo masoseji anayi. Ine ndapezamo atatu ndi theka, ndipo pa thekapo pali zizindikiro za mano. Ndaziyeza ndi chida chomwe timayezera nyenyezi kuntchito kwathu kuno kofufuza zakumwamba. Wolumayo ali ndi mpata pakati pa mano apatsogolo, ndipo m'banja mwathu munthu wotere ndi mmodzi.

Izo zili apo, muli bwanji? Bondo la amayi likuwalola kukwera masitepe a kutchalitchi? Ine ndili bwino, kungoti mvula ya kuno ilibe ulemu, imagwa chopingasa.

Keke ya alamu Walburga munaiika pa galasi kuti isaphwanyike. Nditaimaliza ndinatsuka galasilo, ndipo pakona ndinaona manambala okanda ndi msomali: 1909, 14. Dzanja la bambo. Ndinakhala pansi, achimwene. Ndi limodzi mwa magalasi aja ankajambulirapo kumwamba kuseri kwa sukulu, koma lili mbee, chithunzi chonse chinapalidwa ndi lezala. M'kalata mwawo amayi akukuyamikirani kuti ndinu munthu wanzeru, mwatsitsa mabokosi a bambo kudenga, mukupala magalasi kuti muvindikirire mbande za nkhaka zisafe ndi chisanu.

Tsono mverani chifukwa chake magalasiwa ndi ofunika. Mu Novembala, ndikuyerekeza zithunzi ziwiri za kumwamba monga ndimachitira tsiku lonse, ndinaona kadontho katasuntha. Ndi umodzi mwa miyala ija yozungulira dzuwa, ndipo sunalembedwepo ndi aliyense. Patatha sabata, mnzanga wa pantchito, Dokotala Hufnagel, anati nayenso anauona pa galasi lake. Tinakangana mpaka mayi wosesa anatifunsa ngati mwalawo ndi wagolide. Mkulu wathu, potopa nafe, anagamula kuti amene abweretse chithunzi chakale chotsimikiza njira ya mwalawo pofika kumapeto kwa Epulo, ndiye autche dzina.

Miyezi itatu ndakhala ndikuwerengera njira yake chobwerera m'mbuyo. Ndapeza kuti mu Malichi 1911 unadutsa pa gulu la nyenyezi lotchedwa Mkango. Kabuku ka bambo ndili nako kuno. Pa 22 mwezi womwewo anajambula malo omwewo, galasi nambala 31, ndipo pambali analemba kuti pali kadontho, mwina ndi fumbi. Silinali fumbi, achimwene. Bambo anauona zaka makumi awiri zapitazo, n'kudzichepetsa monga ankachitira pa chilichonse.

Mwambo wathu ndi woti miyala imeneyi imatchedwa mayina achikazi, choncho dzina la bambo, Anselm, lidzakhala Anselma. Akanakhala moyo akanaseka mpaka kutsokomola. Hufnagel akufuna kuutcha Mitzi. Mitzi ndi galu wa mkazi wake, kagalu konenepa koluma onyamula makalata. Dzulo pa khofi anandiuza, akupukuta ndevu, kuti magalasi a mphunzitsi wa kumudzi amayenera pa zenera la khola la nkhuku. Ndinamuyankha kuti mphunzitsiyo ankalimbana ndi ana makumi asanu masana onse n'kuonabe zimene iye, ndi makina otalika ngati chumuni cha fakitale, waziona ali kale ndi dazi. Anatsamwa ndi buledi. Chimene sindinamuuze n'chakuti mchimwene wanga weniweni akugwirizana naye, anangosintha nkhuku kukhala nkhaka.

Pempho langa ndi limodzi. Ikani lezala pansi lero. Funani galasi nambala 31. Mukalipeza musalitsuke, musalipukute ndi malaya, musaliuzire mpweya, ndipo alamu asaliyandikire ndi nsalu yawo yonyowa ija, ngakhale lioneke lakuda ngati pansi pa poto. Kudako ndiye kumwambako. Likulungeni m'pepala lofewa, muliike m'bokosi la udzu wouma, mukalipereke nokha ku sitima. Mulembepo kuti ndi mazira, chifukwa anthu a ku sitima amaopa mazira kuposa nyenyezi.

Ngati munalipala kale, ndiuzeni zoona, musatume amayi kuti akulembereni. Sindilira. Ndibwera pa Pasaka, ndidzagwada m'dimba mwanumo ndi kuvundukula galasi lililonse. Bambo ankajambula malo amodzi kawiri kumwamba kukayera, ndipo ngati lachiwirilo lilipo ndidzalipeza, ngakhale nkhaka zonse zigone pamphepo. Galu uja sakwera kumwamba ine ndili moyo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti masokosi andikwana. Moni kwa alamu, keke inali yokoma, mbale yake ndiyo inandilanda chilakolako. Moni kwa azakhali Kreszenz, ndi kwa amalume Benedikt ngati ayambanso kumva.

Za chipepeso, ndagamula motere. Pa theka la soseji lija, mutumize soseji yotalika ngati mchira wa nyenyezi ija bambo anatidzutsira tili ana. Pa magalasi opalidwa, nkhaka iliyonse imene imere pansi pawo ndi yanga, popeza yakula pansi pa thambo la bambo, ndipo mudzaibweretse nokha mutavala chipewa cha Lamulungu. Mukakana, mwala wotsatira umene ndidzapeze, wokhotakhota ndi wochedwa kuposa yonse, ndidzautcha Ottmara, ndipo udzazungulira dzuwa ndi dzina lanu mpaka tsiku lachiweruzo.

Ine mlongo wanu, wodikira sitima,
Adelheid