Tizipewa Titatu

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo. Bondo lija lasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti ntchito sinapezekebe. Digiri yanga ya uphungu ikungogona m'sutikesi pano pa achimwene.

Phukusi lanu linafika Lachiwiri. Kachipewa kachikasu kaja mwaluka bwino, koma sindinakapereke kwa alamu. Ndakabisa.

Amayi, ulendo wachitatu uno zoti alamu atenge pakati zalepherekanso. Alamu anabayidwa jakisoni pamimba m'mawa uliwonse mpaka khungu linada, adokotala anaika kamluza m'chiberekero, tinadikira masabata awiri. Lolemba atayeza magazi, palibe. Nesi anatiuzira pakhonde ali chiimirire, pomwe amayi oyembekezera amakhala pamzere wa sikelo. Benchi lake ndi limodzi! Mayi wina mpaka anafunsa alamu kuti yawo ndi ya miyezi ingati. Ndinalembera mkulu wa chipatala kuti anthu ovutika kubereka awapatse khomo lawolawo, komanso kuti mlangizi mmodzi sangakwanire onse, ine ndilipo. Mpaka lero ali zii.

Mlangiziyo amakhala m'kachipinda kuseri kwa kolandirira mankhwala, mipando itatu ndi wotchi. Achimwene amatsala m'galimoto, akuti sakudwala matenda ofuna kucheza. Ndiye ndimalowa ndine. Dzana mlangiziyo anafunsa alamu chimene chikuwapweteka koposa. Ine ndimati atchula jakisoni. Anatchula tizipewa tanu.

Akuti akatsekula kabati n'kuona koyera ndi kobiriwira kaja, amamva ngati anaika maliro awiri amene palibe anabwera kudzalira nawo. Akuti kachipewa kalikonse kamawauza kuti apongozi akudikira. Ndinachita manyazi, Amayi. Ndine ndinkawapatsira ndikuseka, n'kumati agogo akonzeka kale. Sukulu yonseyi, osaona munthu amene ndimadya naye mbale imodzi.

Ndikudziwa mumaluka chifukwa cha chikondi. Koma kuchipatala kwatsala kamluza kamodzi, ndipo adokotala ati osankha ndi mwini thupi. Alamu atopa, sakufunanso. Chimene chikuwaletsa kunena ndi mantha akuti akasiya, malo awo m'banja mwathu atha. Kudya asiya. Akaweruka kuntchito amangokhala pabedi nsapato zili kuphazi. Achimwene akalowa amatsekula wailesi kuti pasakhale cholankhula.

Pempho langa ndi limodzi. Mlangizi akufuna munthu wamkulu wa kuchimuna Lachinayi la sabata yamawa. Malume ayi, angayambe zofufuza wolakwa. Mubwere inu. Mudzakhale pampando wachitatu uja, mudzawauze alamu ndi pakamwa panu kuti ndi mwana wanu, abereke asabereke. Achimwene akakuonani mukulowa, sangatsale m'galimoto.

Koma ngati mawuwo sakuchokera pansi pa mtima, musavutike kukwera basi. Alamu adzadziwa. Akhala akuwerenga nkhope za anthu zaka zisanu ndi ziwiri.

Mundiperekere moni kwa bambo, azakhali ndi achemwali. Nkhaniyi ikhale ya inu ndi bambo okha.

Ndidzakuchingamirani kudepoti. Ulusi ndi zolukira musiye kunyumba. Ndikudziwa simunapitepo kwa mwana wanu chimanjamanja, koma ulendo uno mubwere choncho.

Ndine mwana wanu wosapsatira mawu uja,
Chitsiriza