Kompuresa Yolavula Dzimbiri

LACHIWIRI

06:41 Esnart: alamu a Yotam mwandipha ndili moyo. kompuresa munabweretsa kuchoka ku Vubwi ija yandiwonongera vaneti. munaisankha ndinu. makina anga osokera munanyamula ndinu kt mukasinthitse. musabisale

06:43 Esnart: 📷 chithunzi

06:43 Esnart: onani chitseko icho. ndi penti imeneyo kapena mwana wa chikuku?

06:58 Esnart: ma tick ali blue. mwawerenga

08:15 Yotam: morning alamu. nili pa depot ya thonje, nizatuma foni later

08:16 Esnart: musatume. lembani. mawu anu a pakamwa ndawadziwa

08:20 Esnart: 🎤 voice note 0:58
"Mverani alamu. Sabata yonse ndakhala ndikupala galimoto ija ndi sandipepa, ndekha. Zala zatha khungu, mchere sindigwira. Magalasi ndinamata manyuzi, pansi ndinawaza madzi kuti fumbi ligone, monga ankachitira malemu amuna anga, akulu anu a Gilbert, ku garaji ku Katete. Dzulo ndaliza injini ya kompuresa, ndagwira gani yopopera, penti inayamba kutuluka bwinobwino, yoyera mbee. Kenaka chinthu chanu chija chinatsokomola. Chinalavula madzi ofiira, dzimbiri losakanizika ndi oyilo, mbali yonse ya dalaivala. Penti yatupa matuza. Ndatsegula kampopi ka pansi pa thanki, madzi adzaza beseni, onunkha ngati a pa dambo. Ndiye mundiuze, munandigulira kompuresa kapena chitsime?"

09:02 Yotam: mwina simunasakanize bwino penti na thina. ntchito ya amuna iyi alamu

09:03 Esnart: thina amabala dzimbiri?

09:05 Esnart: mukudziwa bwino a pa station ku Katete anati vaneti yodyeka dzimbiri sikweza munthu. mwambo wa Kulamba ndi mwezi uno. ndikapanda kunyamula anthu opita ku Mkaika ana a akulu anu adya chani? makina kulibe. galimoto kulibe. penti yatha

09:31 Esnart: alamu

12:47 Esnart: alamu!!

LACHITATU

Esnart wapanga gulu "KOMPURESA"
Esnart wawonjezera Yotam ndi Cosmas Matayala

07:10 Esnart: a Cosmas ine ndine mayi Mvula wa ku Sinda. number yanu ndaipeza pa thanki, pansi pa penti yakuda imene wina anapaka kt ndisaione. inu ndi amene munagulitsa kompuresa kwa alamu angawa?

07:26 Cosmas: mwadzuka bwnj amayi. eya ndine. yavuta?

07:27 Esnart: 📷 chithunzi

07:29 Cosmas: mayoo. mwapentera galimoto???

07:33 Cosmas: 🎤 voice note 0:36
"Amayi pepani, koma ija si ya penti. Ija yapopa matayala pano pa msika kuyambira kalekale, njinga zamoto, ngolo, malole a ku Mozambiki. Tayala silidandaula madzi, limangomeza. Ndinawauza abambowa kuti thanki yadyeka m'kati, ya penti imafuna thanki yabwino ndi kasefa kogwira madzi. Iwo anati aa, palibe vuto, ndi yopopera ngolo kumudzi. Mulungu ndi mboni."

07:35 Esnart: a Yotam mwamva?

07:36 Esnart: chabwino. a Cosmas bwerani mutenge chitsime chanu mundibwezere makina anga osokera

07:40 Cosmas: makina ati amayi? ine makina sindinawaone. anandisiyira tayala la sipeya ndi tambala mmodzi basi

07:52 Esnart: ndagwada pansi pa vaneti. sipeya palibe

07:52 Esnart: tambalayo wofiira?

07:53 Cosmas: eya wofiira, wamkulu ndithu

07:53 Esnart: ndinanamizira galu wa eni

07:55 Cosmas: tayala ndingabweze amayi. koma tambala tinadya pa Sande

08:04 Yotam: a Cosmas musalowelele nkhani za banja la eni pls

08:05 Cosmas: zoona bwana. amayi pepani ndthu, pepaninso ndi maliro, bwanawa anandiuza

Cosmas Matayala watuluka m'gulu

14:18 Esnart: ndadutsa kuseri kwa nyumba yanu popita ku chigayo. makina akulira mkati. kulira kwake ndikudziwa ngati kwa mwana wanga, pedulo ija imati kwee ikamabwerera. akazi anu a Gertrude ayamba liti kusoka?

15:40 Yotam: tikungokusungilani. zizakambidwa

15:41 Esnart: kusunga kwake kosokera ma uniform?

LACHINAYI

10:12 Yotam: alamu manje nkhani yakula. amalume a Marko aona vaneti. akwiya maningi

10:13 Yotam: mwafufuta dzina la malemu pa chitseko inu musanasudzulidwe. mudziwa mwambo. katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale akumasuleni. anthu akufunsa kt mwathamangila chani

10:14 Yotam: Loweruka abale akhala pansi. vaneti izabwela kwanga isungidwe

10:15 Esnart: INU NDI AMENE MUNATI PALANI

10:16 Esnart: pa khonde langa, mukudya mbatata yanga. ndinakufunsani kt dzina bwnj poti mwambo sunachitike. munati ndalankhula kale ndi amalume, alola, palani zonse

10:29 Yotam: sinikumbuka

10:30 Esnart: mbatata mukuikumbuka?

10:44 Yotam: panali mboni?

10:51 Esnart: 🎤 voice note 1:22
"Eya, tsopano ndaona. Ine ndimati munapusitsidwa ku Vubwi, kani wopusa ndine. Simunafune kuti galimoto ipentedwe. Munafuna kuti ipalidwe basi. Ndipale ndi manja anga, dzina lichoke, penti ikanike, amalume adzaone. Alamu, ine ndinabwera pamudzi pano pa chitengwa, ndinasiya kwathu ku Mkaika kutsata akulu anu. Vaneti ija inagulidwa ndi mtedza wa m'munda mwanga, inu mukudziwa, munkathandiza kukweza matumba. Dzina la G. Mvula Transport ndinalola ndine, kuti mwamuna wanga alemekezeke pa msewu. Mukuganiza polipala ndinkaseka? Chilembo chilichonse ndinalira. Pa G paja ndinakhala pansi mpaka dzuwa linapendeka. Ndiye lero mukuti ndathamangira chiyani? Kwathu sindingapite musanandisudzule. Mwambowo mukungousuntha. Munati tikakolola, takolola. Munati tikagulitsa thonje, thonje lapita. Kupita mukukana, kusoka mwandilanda, kuyendetsa mukundilanda. Ndiye mukundisungiranji pano, ndine mbuzi ya pa chingwe?"

11:30 Yotam: yaitali. nizamvela later

13:05 Esnart: ndapita kwa amalume. andibweza pa khomo. ati mkamwana, mkazi wobwera ngati ine, salankhula pa nkhani ya mbumba, ndidikire Loweruka. ndiye pakamwa panga ndinu. inu amene

LACHISANU

09:20 Yotam: ma key mukonzeletu mawa. tisachititsane manyazi

09:22 Esnart: ma key ndamanga pa mkanda wa mchiuno. bwerani mudzamasule amalume akuona

09:24 Yotam: alamu muzilankhula ngati munthu wamkulu

09:25 Esnart: inu munaba tambala ngati munthu wamkulu?

09:48 Yotam: ok. tizakoka na ng'ombe

09:50 Esnart: kokani

16:33 Esnart: ndaitsuka thanki ndi palafini, ndaiyanika, ndamanga nsalu pa payipi kt igwire madzi. ndayesa pa chitseko cha chimbudzi ndi kapenti kotsalira mchitini. yalavulanso. ikadalola ndikadalembanso dzina lija ndekha lero lomwe

16:35 Esnart: makala olembera dzinalo sagwira pa chitsulo. ndayesa

16:50 Esnart: alamu ndikupempha kamodzi, sindidzabwereza. makina sungani. sipeya sungani. mungowauza amalume kt munandilola ndinu. ana awa ndi magazi anu

17:58 Esnart: blue

LOWERUKA

07:02 Esnart: ndalowa mu vaneti. ndakhoma zitseko zonse. mukakoka mukoka ndi ine, mudutse nane pa msika wa Sinda anthu aone katundu wa malemu yense

07:40 Esnart: muno mukutentha. magalasi akadali ndi manyuzi, sindikuona kunja. kukununkha thina, ndipo chipewa cha akulu anu chili pa dashboard pomwe anachisiya

08:11 Esnart: ndamva tcheni. ng'ombe zafika

08:13 Yotam: tulukani alamu anthu akuyang'ana

08:14 Esnart: ayang'ane. ndiye ndikufuna

08:19 Esnart: mphepo yang'amba nyuzi pa kona ya galasi. ndikuona amalume pa mpando pansi pa mango. ndikuona a Gertrude avala bulauzi yatsopano, msoko wake wokhota. ndikukuonani inu kumbuyo kwa ng'ombe, mutu pansi, foni mmanja

08:20 Esnart: kwezani mutu

08:21 Esnart: funso ndi limodzi. ndani anati palani?

08:22 Esnart: mukalemba pano nditsegula galasi ndiwaonetse amalume. mukaopa kulemba yendani masitepe ochepawo mukanene ndi pakamwa. mukakhala chete mangani tcheni, koma mumange ndinu ndi manja anu, osatuma munthu

Yotam akulemba...

08:26 Esnart: ndikuona mukulemba

Yotam akulemba...

08:31 Esnart: mwasiya

08:32 Esnart: a Yotam Mvula, mng'ono wa mwamuna wanga. ndani anati palani? ndiyankheni