Njinga ya Atate Yotchaja Mafoni

Maramba,
Livingstone.
14 Okutobala 2024

Okondedwa alongo anga ba Evans,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa likuotcha, ndipo magetsi amangobwera ngati mlendo wodutsa.

Munandifunsa chimene chikuwaseketsa atate pa foni masiku ano. Khalani pansi ndikuuzeni.

Mukudziwa kuti chimwalirireni amayi, atate ankangokhala pakhonde kuyang'ana geti. Adokotala anawauza kuti aziyendayenda chifukwa cha shuga, iwo toto. Chinawadzutsa ndi foni. Inkangozima, ndiye ankalephera kumvera nyimbo zija amayi anaimba ku kwaya. Tsiku lina ba Jairos, okonza njinga pamsika, anamangirira kadainamo ku gudumu la njinga yakale ija, kawaya n'kukafika m'basiketi. Anati, "Ba Fidelis, mukapalasa foni izidya. Mukaima, nayonso yaima."

Atate anati n'zachibwana. Koma m'mawa mwake ndinawaona akutuluka, thalauza atalipisira m'masokosi. Anatsika Mosi-oa-Tunya Road yonse, nabwerako ali thukuta kamukamu, akukuwa, "Keziah, yakwera! Bwera uone!"

Mbiri inawanda. Anansi anayamba kubweretsa mafoni awo, atate n'kumawatenga mosinthanasinthana, ulere. Koma panali foni imodzi imene sinkadikira mzere, ya ba Miyoba, mayi wamasiye wogulitsa zitenje pa Mukuni Park. Imeneyo inkakwera njinga tsiku lililonse.

Loweruka tcheni chinaduka, ndiye atate anandituma kukabweza foniyo kunyumba kwa eni ake. Alongo, ndinapeza sola ili padenga, fani ikuzungulira, wailesi ikuimba! Ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Amayi, magetsi muli nawo, nanga foni mumaipatsiranji atate?"

Anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati, "Mwana wanga, sola ni yabwino, koma siikamba nkhani."

Nditabwerera ndinawapeza atate akuthira mafuta tcheni. Ndinawauza zimene ndinaona. Anapukuta zala pa kansanza, kenako anati, "Amayi ako sindinawaiwale, nyimbo zawo ndimamverabe. Koma munthu akayamba kupalasa amafunanso kofikira." Ndiye anatsitsa mawu. "Mlongo wako umuuze ndiwe. Ine ndikuchita mantha."

Ndisakunamizeni, ndinalowa kuchipinda n'kulira pang'ono. Koma nditasuzumira pazenera n'kuwaona akupesa imvi zawo pa kagalasi ka njinga, ndinaphulika kuseka.

Shuga yatsika, adokotala akondwa, ndipo malaya aja munawagulira ayamba kuwakwana. Pempho langa ndi limodzi: musakwiye musanawaone ba Miyoba. Bwerani pa Khirisimasi mudzakhale nawo pansi. Anandifunsa maina a ana anu, ndipo awaloweza kale onse. Mukamabwera mutitengereko tayala lakumbuyo, lathuli latha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Atate nawonso akupereka moni. Pamene ndikulemba pano ali kumbuyo kwanga, akupopa gudumu lokhuta kale, ndipo andifunsa kawiri ngati ndalemba bwino. Muwaimbire, alongo. Ndinu oyamba kubadwa, ndipo akudikira mawu anu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Keziah