Diresi Yofiira ya Agogo a Rozina

Lachinayi, mwezi wa Meyi, ku Fairfax, kuno kutsidya kwa nyanja.

Mpaka pano mtima uli m'mwamba. Agogo a Rozina, amene ndimawasamalira, anadzuka ndi mphamvu lero chifukwa mdzukulu wawo amaimirira dziko lawo la Malta pa mpikisano wa nyimbo wa mayiko a ku Ulaya. Mtsikanayu anayamba kupikisana ali mwana. Kwawoko anamusiya kawiri, chaka chino ndiye amusankha.

Tinaonera limodzi masana pa TV. Anaimba bwino moti ine thupi linachita tsembwe. Koma mankhwala a mtima amene amamwa anawagonetsa agogo pampando zotsatira zisanatuluke.

Mtsikanayu sanadutse. Anatchula mayiko onse opita ku ndime yomaliza, Malta panalibe.

Agogo atadzuka anandigwira dzanja. "Grace, wadutsa?"

Kwathu munthu wapadera sauza wodwala nkhani yoipa, timadikira achibale. Ndinangoti, "Waimba bwino kwambiri, agogo." Iwo anamva zawo, zoti wadutsa. Anapsompsona kolona yawo n'kundiuza kuti ndiwasitire diresi yawo yofiira, adzavale Loweruka poonera ndime yomalizayo.

Ndinaimbira mwana wawo, a Pawlu, kuti abwere adzawauze okha. Anangoseka. "Auze iweyo, amayi si mwana." Kuyankhula n'kosavuta munthu uli mu ofesi. BP yawo ndimayeza ndine, ndipo sabata ino siili bwino.

Diresi ndasita, ili pachitseko cha kuchipinda kwawo, akungoiyang'ana n'kumamwetulira. Mawa m'mawa mdzukulu uja aimba foni monga amachitira, ndipo amene amawagwirira foniyo pakhutu ndine.